Mpando wa Mayi wa Kulabala

Estere NyaMhone sanabadwe ndi khosi loimbira. Izi palibe amene sakuzidziwa m'mudzi mwawo, kumpoto kwa Chintheche, pomwe mapiri a mitengo ya labala amatsetsereka n'kukathera kunyanja. Ali mtsikana anzake anam'chotsa m'gulu la chilimika, ati akatsegula pakamwa ng'oma imasokonekera. Kutchalitchi nako amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anazolowera kum'siyira malo kumapeto kwa benchi pafupi ndi zenera, kuti mawu ake azitulukira panja. Mwini wake sankadandaula. Ankati Mulungu anam'patsa manja, ndipo m'nyumba imodzi woimba mmodzi amakwana.

Woimba wa m'nyumbamo anali amuna ake, a Zakeyo Nkhwazi, msodzi wa usipa. Bambo amenewa akayamba nyimbo pamaliro, ngakhale anthu ongodzera chakudya ankapezeka akupukuta misozi. NyaMhone anabereka nawo ana asanu. Awiri anawaika m'manda, atatu otsalawo anamwazikana ku Mzuzu ndi ku Joni. Pa zaka zonse za banja lawo panali zisanu ndi ziwiri zomwe NyaMhone sankakonda kuzikumbuka. Izi ndi zaka zomwe a Zakeyo anatsatira asodzi anzawo ku Mangochi, n'kumabwera kumudzi pa Khirisimasi pokha, atanenepa, malaya ali ochapa bwino, akulankhula Chichewa chosalala ngati anabadwira komweko. Yemwe ankawachapira malayawo NyaMhone sanafunse. Anangolimeza funsolo, ndipo linakhala m'mimba mwake zaka makumi atatu osagayika.

Sitiroko inawapeza a Zakeyo m'mawa wina akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Inawatengera mkono ndi mwendo wakumanja, inawapotoza pakamwa, n'kuwalanda mawu onse. Anangotsala ndi kaphokoso kamodzi, "ta, ta, ta," komwe kankatanthauza madzi, chimbudzi, kutentha, zikomo ndi china chilichonse. Ana anabwera, analira, anasiya njinga ya odwala yomwe inakanika kuyenda mumchenga, n'kubwerera komwe anachokera.

Apa ndiye manja a NyaMhone anaoneka ntchito yake. Zaka zisanu ndi chimodzi anawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ndi kuwanyamula kupita nawo pakhonde kukawothera dzuwa. Kondowole, nsima ya chinangwa ija, amamata, munthu wodwala chonchi akhoza kutsamwa naye, choncho ankamudula timbamu tating'ono ngati nzama, kuviika mumsuzi, n'kudikira kuti kamodzi katsike asanapereke kena. Usipa ankauchotsa minga yonse, ntchito yomwe wina aliyense akanaiona ngati misala. Munda wakutali anausiya. Maukwati a abale anawasiya. Abusa akafuna chitsanzo cha chikondi paguwa, sankavutika kusakasaka, ankangotchula NyaMhone, ndipo tisanamizane, mayiyu zinkamukomera. Ankaweramitsa mutu ngati wachita manyazi, koma khutu lili tcheru kuti asaphonye liwu ngakhale limodzi.

M'mawa uliwonse ankapempha chinthu chimodzi chokha, kuti Mulungu atsegule pakamwa pa amuna ake, ngakhale kamodzi, amutchule dzina. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Loweruka lina amayi a Umanyano anabwera kudzaona odwala, atasenza nkhuni ndi ufa. Pagulupo panali nkhope yachilendo, mayi wamtali wowonda, wa mpata m'mano. Dzina lake anali Doreen Makwinja, wa ku Zomba, wamasiye, yemwe ankagwira ntchito yocheka makungwa a mitengo ya labala kuti ituluke utomoni, kuesiteti kumtunda ndipo anali atangoyamba kupemphera nawo. Amayi anaimba nyimbo za Chitonga, zomwe a Zakeyo ankatsogolera kale. Iwo ali zyolizyoli pampando, dovu likudontha, monga mwa masiku onse. Pomaliza mtsogoleri wa gulu anati mlendo nayenso apereke nyimbo ya kwawo.

Doreen anakhosomola pang'ono n'kuyamba, m'Chichewa: "Mundidikire padoko, Ambuye, bwato langa lachedwa."

Pamzere wachiwiri panamveka mawu a mwamuna. Amayi anayang'anana, ena n'kucheuka kuona ngati kwabwera mlendo kuseri kwa nyumba. Anali a Zakeyo. Mutu anali atadzutsa, maso ali pakamwa pa Doreen, ndipo mawu ankatuluka onse bwinobwino, ndime yoyamba, yachiwiri mpaka yachitatu. Nthungululu zinamveka mpaka kudoko.

NyaMhone ankachokera kukhitchini ndi ketulo ya tiyi. Ketulo ija inagwa, tiyi n'kumwedwa ndi mchenga. Analira, ndipo misozi yoyambayo inali ya chimwemwe chenicheni, pamenepo tisam'namizire. Anathamanga n'kugwada patsogolo pawo, kuwagwira dzanja lamoyo lija.

"Ada, ndine. Nditchuleni. Nenani kuti Estere."

A Zakeyo anamuyang'ana. "Ta, ta, ta." Kenako maso awo anabwerera pakamwa pa mlendo uja.

Kuyambira tsiku limenelo NyaMhone analowa nsanje, nsanje yoopsa, yochititsa manyazi kwa mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu yemwe ali ndi zidzukulu zisanu ndi zitatu. Zinapezeka kuti a Zakeyo sangayambe nyimbo okha, ndipo kulankhula sikunabwerere. Koma Doreen akangoyamba nyimbo za kumwera, iwo ankatsatira mpaka kumapeto. Nyimbo za Chitonga zomwe anaimba moyo wawo wonse sizinkawadzutsa. Zinkawadzutsa za ku Mangochi, za zaka zisanu ndi ziwiri zija. NyaMhone ankati akasenda chinangwa, mpeni n'kumalowa mpaka m'kati, akudzifunsa kuti kodi nyimbo zimenezi anawaphunzitsa ndani, ndipo ankaziimba atakhala pakhonde pa yani.

Akulu a mpingo anapempha Doreen kuti azitsika Loweruka lililonse akaweruka kuntchito. Ndi ulendo wa ola lathunthu wapansi, koma mayiyo sanakane. A Zakeyo anasintha. Anayamba kudya ngati munthu wochokera kumunda. Lachisanu likafika ankaloza ndevu zawo, ndipo Loweruka m'mawa ankaloza malaya abuluu a pamsomali. Ndiye taganizani, NyaMhone kukoleza makala, kuika m'simbi, kusita malaya a amuna ake kuti akaonedwe ndi mkazi wina. Ankasita ndithu, kolala ndi m'manja momwe, koma simbi ankaimenyetsa patebulo moti oyandikana nawo ankamva.

Anthu m'mudzi ankangoti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Abusa nawo anapeza chitsanzo chatsopano. Lamulungu lina analalikira za mayi wochokera kutali, wosadziwa n'chilankhulo chathu chomwe, amene amayenda mtunda wonsewo chifukwa cha munthu yemwe si mbale wake. NyaMhone, pamalo pake pafupi ndi zenera, anadikira kuti dzina lake libwera pambuyo. Silinabwere. Zaka zisanu ndi chimodzi za kuchapa zofunda zonyowa zinapitirira ngati utsi, mayi wongobwera kudzatsegula pakamwa n'kutenga ulemu wonse.

Dzina la Doreen sankalitchula. Ankangoti mayi wa kulabala. Ankati amanunkha utomoni wovunda, amaseka mokweza, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyererezo anazisaka ndi mtima wonse koma sanapeze ngakhale imodzi, ndipo ichi ndicho chinkamupsetsa mtima koposa. M'nyumbamo munali mpando umodzi wabwino, wa nsungwi, wokhala ndi khushoni. Loweruka likafika ankaulowetsa kuchipinda, mlendo n'kumupatsa kachitsa kogwedera. Doreen ankakhala pakachitsapo n'kunena kuti zikomo.

Kenako NyaMhone anaganiza zolanda nyimboyo. Mawu ake anali atawagwira kale pamtima. Masiku anayi anayeserera ali yekha kudziwe komwe amavikako chinangwa, mpaka achule anasiya kulira. Tsiku lachisanu anatseka chitseko, anakhala patsogolo pa amuna ake, n'kuyamba. A Zakeyo anamuyang'ana modabwa, ngati munthu yemwe wamva mbuzi itakodwa pachingwe. Anayesa kutsegula pakamwa, koma nyimbo yomwe ankaimvayo sanaizindikire, poti NyaMhone ankakwera pomwe inkatsika n'kutsika pomwe inkakwera. Anangoti "ta" kamodzi, mofatsa, n'kutseka maso. Mayiyu anatuluka panja n'kukalira kuseri kwa thandala loyanikapo chinangwa.

Loweruka lotsatira anakam'chingamira Doreen panjira, asanafike pomwe a Zakeyo akanamuona.

"Timuwoneni, ama," anatero Doreen, yemwe anali ataphunzira kale moni wa kuno.

"Yewu. Koma lero mubwerere, mayi. Achipatala ati kuimba kukuwakwezera bipi. Ati asiye."

"Ayi! Ndiye ndawapweteka ndine? Pepani, amayi, sindinadziwe."

"Palibe kanthu. Tikakufunani tidzakutumizirani mawu."

Doreen anamupatsa nzimbe ziwiri zomwe anabweretsa, n'kutembenuka kukwera phiri lomwe anali atangotsika kumene. NyaMhone anabwerera kunyumba mtima uli myaa, kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri. Anapeza a Zakeyo ali pakhonde ndi malaya awo abuluu, maso ali kunjira. Anakhala choncho mpaka mthunzi wa mango unafika pamapazi awo.

Loweruka lachiwiri analozanso malaya. Loweruka lachitatu analozanso. Loweruka lachinayi sanaloze kanthu. Kambamu ka kondowole kakafika pakamwa ankatembenuzira nkhope kukhoma. NyaMhone anasintha ndiwo, anagula nsomba yonona ya batala kudoko, anaphika phala la mpunga lothira mkaka. A Zakeyo ankalandira masipuni awiri, basi. Mayiyu ankadziuza kuti ndi kutentha kwa Okutobala, ndipo ankadziwa kuti akunama.

Mpingo wa kuno uli ndi mwambo wake. Sabata ya Mgonero ikayandikira, mkulu wa mpingo amayenda khomo ndi khomo kugawa makadi, ndipo wopanda khadi sayandikira gome. Asanapereke amafunsa ngati munthu ali pamtendere ndi anzake, poti wosunga chakukhosi amayenera kukayamba wakonza kaye. Kwa odwala osayenda, abusa amabweretsa Mgonero kunyumba mapemphero akatha. NyaMhone chilowereni mumpingo anali asanaphonyepo gome ngakhale kamodzi, ndipo izi ankazinena ngakhale kwa munthu yemwe sanamufunse.

Lachinayi masana kunabwera a Killion Kamanga, mkulu wa dera lawo, bambo wachifatse yemwe anapalasa bwato limodzi ndi a Zakeyo ali anyamata. Anakhala nthawi yaitali akumuyang'ana mnzawoyo. Kenako anatulutsa makadi awiri m'thumba la jekete.

"Ama NyaMhone, muli pamtendere ndi aliyense?"

"Ndili pamtendere, ada. Ine ndingayambane ndi yani? Ndimatuluka pano?"

"Ndamva kuti achipatala aletsa nyimbo."

"Eya."

"Hmm." A Kamanga anaika makadi aja patebulo n'kuwatsindira ndi kapu. Masiku onse ankapereka m'manja. "Ali apa. Lamulungu tidzabwera ndi abusa."

Atachoka, NyaMhone sanawakhudze makadiwo. Anatenthetsa madzi, poti inali nthawi yosambitsa odwala. Anakunga chitenje, anapinda mawondo, anadzikonzekeretsa kubuula monga ankachitira tsiku lililonse powanyamula. Sanabuule. A Zakeyo ananyamuka m'manja mwake ngati mtolo wa mapesi. Anaima nawo choncho pakati pa nyumba, akumva nthiti zawo pamkono pake, imodziimodzi. Iye akanatha kunamiza abusa, ndipo anali atanamiza kale a Kamanga, koma manja akewa ankadziwa kulemera kwa bamboyu kuposa sikelo ya kuchipatala. Munthu yemwe ankati amam'konda kuposa wina aliyense, iye yemweyo ndiye ankamupha ndi njala, kuti asagawane ndi wina.

Lachisanu m'mamawa anapempha mayi woyandikana naye kuti aziwaona odwala, iye n'kuuyamba ulendo wa kumtunda. M'moyo wake wonse anali asanalowepo m'munda wa labala. Mitengo inali m'mizere yosatha, kuli mdima wozizira ngati m'tchalitchi, ndipo mtengo uliwonse unali ndi bala lopendekeka ndi kakapu kolandira utomoni woyera. Anafunsa anthu atatu asanamupeze Doreen, yemwe anali atawerama ndi kampeni kake, atavala majombo aakulu kuposa mapazi ake.

"Amayi! Kwagwanji? Abambo ali bwanji?"

"Ali moyo." NyaMhone anapuma kaye, phiri linali litamutha. Panjira anali atakonza mawu abwino, oti achipatala asintha maganizo, koma atafika pamenepo anaona kuti bodza lachiwiri lingomulemera. "Mayi, kuchipatala sitinapiteko. Ndinanama ine. Ndimakuchitirani nsanje."

Doreen anapukuta kampeni kaja pa chitenje chake. "Ndinadziwa, amayi."

"Munadziwa bwanji?"

"Mpando wa khushoni uja ndinkauona pazenera la kuchipinda."

NyaMhone anafuna nthaka itang'ambika. Koma poti anali atayamba kale, anapitiriza ndi ukali womwe unali usanathe. "Ine ndawapukuta zaka sikisi. Sikisi! Ndapempha Chiuta kuti anditchule kamodzi kokha. Inu mwangofika dzulodzuloli, pakamwa patseguka. Ndi chilungamo chimenecho?"

"Si chilungamo," anatero Doreen. "Ine amuna anga anagwa pamzere uwo, anthu n'kudzandiuza atauma kale. Sindinawamwetse ngakhale madzi. Nacho si chilungamo."

Mawu amenewa sanam'tonthoze NyaMhone, ndipo sanayerekeze kuti amutonthoza. Panali funso lina, lija la zaka makumi atatu. "Nyimbo zimenezi, kwanu kumwera amaimba ndani?"

"Aliyense, amayi. Kwaya iliyonse, maliro aliwonse."

"Akazi?"

"Akazi ndi amuna omwe."

Yankho linali lomwelo, ndipo NyaMhone anaona kuti lina sadzalipeza padziko lino, poti mwini nkhani anatsala ndi "ta, ta, ta." "Sakudya. Mubwere. Mubwere Lamulungu lomwe lino pa Mgonero. Ndakupemphani, a Doreen." Aka kanali koyamba kulitchula dzinalo, ndipo linamuwawa pakhosi ngati munga wa nsomba.

Atafika kunyumba anachotsa kapu ija n'kutenga makadi onse awiri.

Lamulungu mapemphero atatha kunabwera abusa, a Kamanga ndi amayi angapo, Doreen ali pambuyo. Anapeza a Zakeyo atametedwa, atavala malaya abuluu omwe tsopano ankawakhuthukira m'mapewa. Mpando wa khushoni unali pakhonde, moyang'anana nawo. NyaMhone anauloza ndi mutu, ndipo Doreen anakhalapo.

Vuto linali lakuti a Zakeyo anali atafooka moti sankathanso kukhala tsonga. Ankangopendekera kumbali yakufa ija, chibwano chili pachifuwa, ndipo munthu wopindika chonchi mpweya woimbira sautenga. Mapilo anakanika. NyaMhone anayala mphasa, anawatsitsira pansi, iye n'kukhala kumbuyo kwawo atatambalala, msana wawo utatsamira pachifuwa pake, mikono yake itawazinga m'nthiti. Mkate anawadyetsa yekha, chikho anawagwirira yekha, n'kuwapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Kenako abusa anayang'ana Doreen.

"Mundidikire padoko, Ambuye..."

Mzere woyamba unatha a Zakeyo ali chete. Wachiwiri chimodzimodzi. NyaMhone anachita mantha kuti mwina wachedwa, kuti chitseko chomwe anatseka yekha chakana kutseguka. Kenako anamva nthiti zija zikufutukuka m'mikono mwake. Mawu asanamveke kwa wina aliyense pakhondepo, iye anawamva akunjenjemera pamsana pawo, akulowa m'chifuwa chake, m'mafupa momwe. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi za banja, anali asanawamvepo amuna ake akuimba kuchokera pamenepo.

Musaganize kuti nsanje inatha tsiku limenelo. Sinathe. Maso a a Zakeyo anali pakamwa pa Doreen kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza, ndipo NyaMhone ankaziona bwinobwino podutsa paphewa lawo. Dzina lake sanalitchule tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sanalitchulebe. Atatha kuimba anadya mbamu zisanu ndi ziwiri.

Papita chaka tsopano. Abusa akalalikira za chikondi amatchula anthu ena, ndipo NyaMhone akamva amangoyang'ana pazenera. Mayi wina atamufunsa kudziwe ngati iye ndi Doreen tsopano ndi pachibale, anayankha kuti asam'panikize, mayi ameneyo amasekabe mokweza. Koma Loweruka lililonse amakoleza makala, amasita malaya abuluu, simbi ikugunda patebulo monga kale. Akatha amakutumula khushoni, amatulutsa mpando uja n'kuuika pomwe amuna ake angaone bwino nkhope ya mlendo. Kenako iye amakakhala kumbuyo kwawo, komwe sangamuone, n'kuwagwira kuti asagwe.